Mvunguti Unatontholetsa Phazi la Saidi

Lolemba lapitali mwana wanga Saidi anamudula mwendo m'munsi mwa bondo, kuchipatala cha ku boma. Amene ndinayambitsa ndine, mayi wake.

Zinayamba ndi nkholokolo, kansomba kaminga kaja. Anakaponda m'bwato akukoka ukonde. Pofika kunyumba, phazi linali ngati dzungu, lotentha ngati mbaula.

"Amayi, chitanipo kanthu. Usipa wagwa, anzanga mawa akupalasa. Ine ndigone?"

Ndinasinja khungwa la mvunguti. Mankhwalawa ndinaphunzira kwa malemu mayi anga, ndipo iwo anali ndi lamulo: usanamate, tumbula, finya, chimene chalowacho uchione ndi maso chitatuluka. Ndinagwiradi singano. Saidi, bambo wa ana anayi, anakuwa ngati khanda. Chifundo chinandigwira. Ndinabweza singano, n'kungomata.

Kutacha, phazi linali litaphwa.

"Mwaona? Inu boma likulembeni udokotala!" Anaseka, nanyamula nkhafi.

Masabata awiri ankangomata n'kupalasa. Sabata yachitatu phazi linada bii, ntchentche n'kuyamba kumutsata.

Namwino amene anatilandira sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

"Agogo, mtengo wanu ulibe mlandu," anatero. "M'magazimu muli asilikali. Chachilendo chikalowa amathamangira pomwepo, ndiye kutupa ndi kutentha kuja ndi nkhondo yawo. Mitengo ina ili ndi mphamvu yowakhazika pansi. Pa nyamakazi zimathandiza, poti amamenya popanda mdani. Koma apa mdani anali m'kati."

Anandionetsa kamunga kamene anachotsa. Kochepa ngati njere ya mpunga.

Tsono abale anga, ndikufunseni. Ndi angati tikukhazika pansi asilikali, mdani ali m'nyumba?

Chiyambire ndale za matipate, pamsika wathu wa pa Benga aliyense ndi sing'anga. Mabotolo a mizu awandandalika pamphasa, wogulitsa akufuula kuti limodzi lomwelo lithetsa kutupa, msana ndi mutu womwe. Ukafunsa amene anamuloleza, akuti ndi ufulu. Kodi anayamba wakuvulani nsapato kuti aone chimene chakubayani? Nanga ife ogula timafunanji? Timangofuna ululu uleke lero, mawa tipalase. Paja kuthamanga si kufika.

Kale khungwa linkabwera ndi mawu ake. Ife tatola khungwa, mawu tasiya. Ine amene ndinawamva ndi makutu angawa, ndinawasiyanso.

Sindikunyoza mitengo ayi. Maondo anga awa amandifikitsa kumunda chifukwa cha mvunguti womwewo. Koma kutupa ndi galu wouwa. Ukamuponyera fupa kuti atonthole usanaone chimene akuuwa, mbuzi zipita.

Saidi atatsitsimuka anayang'ana pabulangete pamene panaphwa, pomwe panali mwendo paja. Za mvunguti sanatchule. Anangoti, "Amayi, bwato lija tipatse yani?"

Dzulo mnansi wanga Nabanda anabwera ndi amuna ake. Bambowo mbedza inawalasa pachikhatho, dzanja latupa mpaka pachigongono.

"Tipatseniko khungwa lija, agogo."

Ndinati ayi, ayambe apita kuchipatala akawaone m'kati. Nabanda anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mwayamba kuumira mankhwala tsopano? Zikomo. Pa Benga safunsa zambiri."

Ndinawaona akukwera njinga, dzanja lotupalo atalikoleka pachifuwa ndi chitenje. Lero litha kukhala litaphwa, ndipo akundiseka.

Inu mukanawauza chiyani kuti amve, pamene mwendo wa Saidi sunawakwanire?