Mlandu wa Sitima Nambala 7

Malata a nyumba yathu ku Bangwe ankathetheka ndi dzuwa la Okutobala, ndipo pansi pa kuthetheka kumeneko pankamveka kaphokoso kena: kasitima ka ababa kakuyenda, kuima, kunjenjemera, n'kuyendanso. Ndinali mtsikana wa Sitandade 6. Mvula inachedwa chaka chimenecho. Fumbi la mumsewu linkalowa ngakhale mazenera ali otseka, linkamveka m'mano, ndipo m'nyumba monse munalibe wokhazika mtima pansi.

Ababa ankakonza njanji ku Limbe mpaka pamene anawachotsa ntchito pamodzi ndi anzawo. Amalume, pobwera kuchokera ku Joni, anawatengera bokosi la sitima zing'onozing'ono zoyendera magetsi. Ababa sankalola kuti tizitchule zidole. Anayala njanji zake mozungulira pa chitseko chakale m'chipinda chakumapeto. Injini zinali ziwiri, iliyonse ndi nambala yake. Ukadina nambala pa kabokosi kowongolera, uthenga unkadutsa m'njanji momwemo, ndipo injini ya nambala imeneyo yokha ndiyo inkamvera. Poti ndinkasesa chipindacho ndine, ankandilola kuyendetsa nambala 7.

Kenako 7 inayamba kugontha. Ukaiuza kuti iime, inkapitirira. Ukaiuza kuti ilize huta, inkangokhala duu, kanyali kake kakuphethira. Ababa sanafufuze nthawi yaitali.

"Wakolopa muno iwe. Madzi alowa m'mawaya."

Sindinakolope. Ndinkasesa ndi kupukuta ndi nsalu youma, monga anandilangizira eni akewo. Koma pakhomo la chipindacho anaikapo loko, ndipo kwa masabata asanu ndinali "wowononga uja," ngakhale pamaso pa alendo a kutchalitchi.

Ine atanditsekera kunja, vuto silinathe. Injini inayo inayambanso kudodoma. Ababa anamasula mawaya onse n'kuwalumikizanso. Anasintha soketi. Anadzudzula magetsi othimathima. Anatsegula mimba ya injini kuti aone kachipangizo kolandira uthenga, kenako anainyamula m'mpango kupita nayo kwa Che Amidu, okonza mawailesi kumsika. Kumeneko anaiyesa pa zidutswa za njanji zomwe zinatsalira m'bokosi, ndipo inayenda bwinobwino. Ababa anabwerako atakwiya kuposa poyamba. Ankadzuka patebulo chakudya chili m'mbale, thukuta likuyenderera m'khosi, makiyi akulira m'thumba.

Ine ndinkavundikira ndowa kuseri kwa nyumba, n'kukwerapo kuti ndisuzumire pazenera. Khoma linkatentha m'zigongono. Ndinang'amba pepala pakati pa kope la masamu, ndinajambulapo njanjizo, ndipo paliponse pamene sitima yadodoma ndinkalembapo kamtanda ndi tsiku lake. Pepalalo ndikadali nalo, m'fayilo imodzi ndi masatifiketi anga, ndipo wofuna kutsutsa abwere adzaone. Timitanda tonse tinagwera polumikizira njanji, ndipo tinkachuluka Lamlungu ndi Lolemba.

Loweruka lililonse ababa ankatenga kachitini ka girisi komwe anachoka nako kuntchito, n'kupaka polumikizira paliponse ndi kamtengo ka machesi, monga ankachitira pa njanji zenizeni kuti zisachite dzimbiri. Sitima ikavuta, ankawonjezera. Fumbi linkamatirira pa girisiyo n'kusanduka phala lakuda, ndipo mawilo ankalipaka panjanji. Uthenga ukanadutsa pati?

Tsiku lina ababa atapita ku maliro ku Machinjiri, ndinawaonetsa amayi pepala lija.

"Iwe, ukufuna undiyambanitse ndi bambo ako?" anatero amayi. Komabe anapita kuchipinda kwawo, n'kubwerako ndi kiyi wachiwiri ndi kabotolo ka sipiriti yemwe ababa ankadzola akameta. "Ine sindinakuone."

Ndinapukuta theka la njanji, mbali ya kuzenera, mpaka nsalu inada bii. Theka linalo ndinalisiya dala. Sindinkangofuna kuti sitima ichire ayi. Ndinkafuna umboni.

Ababa anandipeza momwemo dzuwa lisanalowe, nsapato zawo zili mbuu ndi dothi la kumanda.

"Wakutsegulira ndani?"

"Ababa, ingodinani 7."

Anandiyang'ana, kenako anadina. Mbali ya kuzenera 7 inayenda mosadodoma, inaliza huta, inaima pamene anaiuza. Itafika mbali ya girisi inatsokomola, kanyali n'kuzima. Anaikankha ndi chala, anaizungulitsa katatu, ndipo katatu konse zinachitika chimodzimodzi. Anawerenga pepala langa mpaka pansi. Anayang'ana nsalu yakudayo.

"Njanji yopanda girisi," anatero chapansipansi, "ndiye njanji yanji?"

Anatenga nsaluyo n'kupukuta okha theka lotsalalo. Loko sanaibwezerepo, ndipo mawa lake anandipatsa kabokosi kowongolera kaja. "Pepa" sanandiuze, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Panthawiyo ndinkaona kuti ndapambana mlandu koma woweruza wakana kuwerenga chigamulo. Pano ndikudziwa kuti madzulo amenewo ndinaonetsa munthu wochotsedwa ntchito kuti luso lomwe manja awo anatsala nalo ndilo linkawononga, ndipo ndinachita zimenezo ndi pepala la m'kope, ndili mwana. Ndimawamvetsa. Komabe mawu aja anali amodzi okha, ndipo ndikanawalandira ngakhale ababawo ali pabedi la kuchipatala.