Mathanki Amene Alamu Anga Anabisa

Sabata yathayi ndinakwera shapa, minibasi yathu ya kuno, pa Zobwe kutsikira ku Moatize, achemwali anga a Rozaliya atandiitanitsa. Uthenga wawo unali wachidule: "Bwera udzawauze alamu ako agulitse chiboti chawochi chisanandiphere mwamuna."

Alamu angawo, a Anastaziyo, ali ndi boti lachitsulo la injini lonyamula anthu, mbuzi ndi chimanga pa Zambezi. Analikonza okha titabwerako ku Malawi kumene tinathawira nkhondo. Poti ulendo wake ndi wautali, anaikamo thanki ya madzi akumwa, ndi ina yolandira za m'chimbudzi kuti zisamagwere padoko pamene amayi amatunga. Nzeru zimenezo ndani angatsutse?

Koma abale inu, mathankiwo anawabisa pansi pa matabwa opondapo, n'kuwotcherera mbali zonse. Anangosiya timabowo ta mapaipi basi.

Muwamvetse. Ife a m'badwo uno tinakula tikukwirira mchere pansi pa mphasa, njinga kuimasula n'kuibisa m'nkhokwe. Chooneka chinali cha asilikali, chosavuta kuzula chinali cha mbala. Nkhondo inatha, koma manja athu sanamvebe.

Ndiye paipi ikatsekeka, bambo wa imvi uja amazula matabwa n'kukwawa chafufumimba, waya ali m'manja. Mwezi watha msana unawagwira ali momwemo, okwera anachita kuwakoka miyendo. Madzi nawo anayamba kafungo, anthu n'kumakwera maboti ena.

Botilo ndinalipeza litakokeredwa pamchenga m'mbali mwa mtsinje wa Revubwe. Alamu anali pa mkangano ndi a Saide, owotcherera zitsulo amene ali ndi ofisina, malo awo ogwirira ntchito, ku Bagamoyo m'tauni ya Moatize momwemo. A Saide amafuna thanki ya madzi ikwere pamwamba, kuseri kwa mpando wa woyendetsa, ikhale ndi chivundikiro choti mutu ndi mkono zilowe. Ya chimbudzi ipite kumbuyo kwenikweni, pansi pake popendekera ku paipi yaikulu, yomanga ndi maparafuzo, ndiye kuti mabawuti, kuti anthu awiri aziichotsa n'kukakhuthula kudzenje.

"Nanga akandibera?" anafunsa alamu, nkhope ili gwa.

"Alamu," ndinatero ine, "wakuba thanki ya chimbudzi mudzangomuthokoza. Kumupeza kwakenso sikungavute, fungo lidzakulondolerani."

Achemwali anaseka mpaka kukhala pansi. Alamu anangoti, "Iwe ndi pakamwa pakopo," koma anawakodola a Saide kuti adule.

Thanki yakale ya madzi itatseguka, tonse tinasuzumira. Ndere zobiriwira, dzimbiri, matope, ndi timafupa ta buluzi. Alamu anavula chipewa.

"Zaka zonsezi ndimamwetsa anthu zimenezi? Ndi ana omwe?"

Ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa munthuyu si waumve. Boti amalikolopa tsiku lililonse. Kungoti chimene sanathe kuchitsegula sanathenso kuchiona.

Kodi ndi alamu okha? Ndi mijigo ingati m'midzi mwathumu imene inafa chifukwa tinaithira simenti mpaka pakhosi poopa akuba, lero kalabala kakang'ono katatha palibe angakafikire? Nanga zimbudzi za pamsika zija, womanga anaganizapo za munthu wodzazipopa? Timamanga ngati chinthucho sichidzada. Pa tsiku lotsegulira timaomba m'manja, koma amene adzagwade ndi nsanza sitimufunsa n'komwe. Ngakhale m'nyumba zathu ndi momwemo, chotipweteka timawotcherera. Akuluakulu anati mukabisa matenda, maliro tidzamva.

Ndinagonako masiku angapo, ndipo ndinabwerako mtima uli m'malo. Ndinawaona alamu ataima chilili, mkono wonse uli m'thanki yatsopano, akukwecha uku akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Atatsuka anathiramo madzi, n'kutunga m'kapu kupatsa akazi awo.

Achemwali anayang'ana madziwo padzuwa, anamwa, kenako anapukuta pakamwa.

"Bambo a Tereza, boti likhale. Koma ndikadzangomva kuti mwakwawanso pansi paja, ndidzagulitsa inu pamodzi ndi botilo."

Ine amene anandiitanira kudzagulitsa boti ndinabwerera ku Zobwe nditasenza nsomba zouma, ndikuseka ndekha mu shapa.

Nanga inu owerenga, kwanuko n'chiyani chimene munatseka kalekale chifukwa cha mantha, koma ana anu akumwabe momwemo?