Kameta wa pa Luzi

Dzulo pamsika ndinaona kameta, nkhuku ija yopanda nthenga m'khosi, ndipo mtima unangoti phwii.

Mayi atamwalira, azakhali ananditenga ku Ntchisi kudzakhala kwawo ku Mvera. Panjira anagula nkhuku yotere, yomwe kwathu ndinali ndisanaionepo. Titafika anaimanga mwendo ndi luzi pamtengo wa pichesi, nkhuku zawo za mikolongwe zakuda bii zikungodziyendera. Ine ndinkayesa khosi lofiiralo lasupuka polimbana kuti ithawe, ndiye ndinkalipaka mafuta mobisa.

"Azakhali, imasuleni, ikupweteka."

"Ndi mtundu wake, iwe. Ikazolowera sithawanso."

Ataimasula, inkangozungulira pomwe luzi linkalekezera. Ndinaikwiyira, mpaka ndinaigenda.

Lero mutu wanga wayera imvi, ndipo ndikadali kusesa pansi pa pichesi yemweyo.