Tsiku Limene Ana Onse Anakhala Nambala Wani

Aneba athu kuno ku Mtendere amalemba mapulogalamu a kompyuta. Chigulitsireni kampani yawo, amagwirira ntchito pakhonde, atavala tayi ndi patapata. Mawu awo ndi amodzi: "Chinthu uzichiyesa pachokha." Akamayesa pulogalamu, kachigawo kam'kati kakawachedwetsa amakachotsa n'kuikapo konamizira, kongoyankha zimene iwo akufuna. Amakatcha sitabu. Akazi awo amati, "Atate ake Tiwo, kukanakhala sitabu ya mkazi, ine bwenzi ndili kwathu."

Sukulu ina yapulaiveti yongotsegulidwa kumene inawapatsa ntchito yawo yoyamba: pulogalamu yosanja ana pa mayeso. Pa kachigawo kopeza nambala ya mwana m'kalasi anaikapo sitabu yoyankha kuti "wani". Kuyesa konse kunayenda bwino, aneba mpaka kuvina pakhonde. Kachigawo kenikeni kaja anaiwala kukabwezera.

Tsiku lotsekera sukulu, nthungululu komboni yonse! Mwana aliyense nambala wani. Nkhuku zinaona zakuda. Ngakhale Chabwera, mwana wa ba Lombe a kuseri kwa mpanda wa aneba, amene kusukulu amangopitira vitumbuwa, ananyamulidwa pamapewa mpaka kumsika.

Ahedi a sukulu ija anatulukira pakhonde pa aneba thukuta lili kamukamu. "Mukonze lero lomwe, apo ayi ntchito yatha!"

Aneba anavula tayi, n'kukonza. Ntchito inapulumuka, koma Chabwera anatsetsereka mpaka pa nambala yotsiriza.

Madzulo ba Lombe anasuzumira pampanda, manja m'chiuno.

"Ba neba, chija chaboza chinalakwa chani kansi? Ndiye cheka chinamuziba bwino mwana wanga."