Phewa Lachitsulo, Magazi a Mlendo

Phewa langa lamanja linatha pang'onopang'ono. Ndinayamba kulephera kunyamula ndowa yothirira matimati kudimba kwathu ku Kanakantapa, kenaka ngakhale kuvala malaya. Mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito ku Lusaka, ananditengera kuchipatala chachikulu. Dokotala, mayi wochepa thupi wovala magalasi, anayang'ana chithunzi cha mafupa anga nati mfundo yadyeka, aikamo yachitsulo.

Chitsulocho sichinandiopse. Anandiopsa ndi mawu otsatira.

"Koma ba tate, magazi yanu ni yochepa," anatero. "Pa opaleshoni iyi munthu amataya magazi. Ambiri safunika kuwaonjezela, koma imwe mwakula, mwina tizakupasani."

"Ya ndani?" ndinafunsa.

"Ya munthu wa mtima wabwino. Timayapima bwinobwino."

Sanandibisire kuti nthawi zina thupi limatentha kapena kuyabwa likalandira magazi, koma anati manesi amakhala pafupi. Anandipatsa mapiritsi oonjezera magazi kuti ndiyambe ndamwa kunyumba.

Mkazi wanga atamva, anaitenga nkhaniyo ngati nkhondo yake. M'mawa bondwe, masana kalembula, masamba a mbatata aja, madzulo chiwindi. Ndikati ndakhuta ankangosendezanso mbale. Mlongo wake, mlamu wanga, chimunthu cha mawu ngati bingu, anadziguguda pachifuwa.

"Mulamu, osadandaula. Ine nili na magazi ya anthu atatu!"

Tsiku lina otolera magazi anamanga hema ku Chongwe, ndipo iye anapita ndi mkazi wake. Atangoona singano, maso anatembenuka, chimunthu chonse khu! pansi. Anamukupiza ndi makatoni, namupatsa chakumwa ndi bisiketi. Amene anapereka magazi anali mkazi wakeyo, kamayi kosayankhulayankhula, kenaka n'kumugwira mkono mwamuna wake mpaka pa minibasi.

Opaleshoni inayenda bwino. Koma kutacha, nditayesa kukhala tsonga, chipinda chinazungulira, ndipo zikhatho zanga zinali zitayera. Dokotala anabwera nati magazi atsika, andiika thumba limodzi. Nesi analikoloweka pachitsulo. Ndinaliyang'ana, lofiira kuti psuu.

Pabedi loyandikana nane panali dalaivala wa minibasi wothyoka mwendo, munthu wosatha nthabwala.

"Ba mudala," anatero, "pemphelani kuti si ya kondakitala. Muzayamba kupunda pawindo, 'Chongwe! Chongwe! Umozi chabe!'"

Ndinaseka mpaka bala linandikumbutsa kuti lilipo. Nesi naye anaseka, koma sanachoke msanga. Ankandipima kutentha, kundifunsa ngati pena pakuyabwa. Palibe chinachitika. Magaziwo anadontha mwakachetechete, ndipo pofika masana mapazi anga, amene anali ozizira ngati mwala, anafunda. Ndinapempha chakudya. Mkazi wanga anatembenukira kukhoma kupukuta misozi ndi chitenje, nati m'wodimo munali fumbi.

Kunyumba ndinkachita zimene anandiphunzitsa akuchipatala: kukweza zala pakhoma, kutambasula mkono pang'onopang'ono. Chinasanduka chizolowezi, ndinkangochita paliponse. Lamulungu lina, patatha miyezi ingapo, tinali pamsonkhano kutchalitchi, wautali kwambiri. Phewa litauma, ndinakweza mkono osaganiza. Unapita, unapitabe, mpaka pamwamba pa mutu, koyamba m'zaka zambiri! Ndinali kuuyang'ana mokondwa pamene ndinamva m'manja mukuwombedwa.

"Zikomo ba tate, mwazipeleka mweka!" anatero mkulu wa mpingo.

Anali atangofunsa amene angatsogolere komiti yokonza denga. Ndinayesa kufotokoza, koma amayi anali atayamba kale nthungululu. Dengalo tinalimaliza mvula isanagwe.