Dzina Limene Analilemba Molakwika

Mwamuna wanga anali wa ku Chipata koma wokulira ku Lusaka, ine wa ku Dedza, mwana wa mphunzitsi. Iye akalemba Chinyanja chake cha m'tauni, ine manja ankandiyabwa kufuna cholembera chofiira.

Titayamba kumanga nyumba kwawo, anatsegula tsamba pa intaneti loti aziikapo zithunzi, abale aziona kumene kukupita thukuta lathu. Dzina la tsambalo anagula yekha osandifunsa. Atandionetsa ndinagwira pakamwa. Analemba kuti tizabwelela.

"Bambo, mawuwa ndi tidzabwerera," ndinatero. "Mwataya d, ma r onse mwawasandutsa ma l. Dziko lonse liona manyazi amenewa?"

"Amake mwana, ni spelling chabe," anayankha akuseka. "Chachikulu tizabwelela."

Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi ankakhala patebulo m'fulati yathu kuno kutsidya kwa nyanja, ku Thamesmead, n'kuikapo zatsopano: maziko, njerwa, mchenga, mbuzi ya aneba itagona pamene padzakhale chipinda chathu. Pansi pa chithunzi chilichonse ankalembapo timawu take. Khoma litafika pa mawindo, mtima wake unaima ali kuntchito, kudepoti ya mabasi. Tinamuika konkuno.

Patapita miyezi kunabwera imelo yoti dzina lija latsala pang'ono kutha nthawi, ndipo mtengo wakwera. Ndikalisiya, aliyense akhoza kulitenga, tsamba n'kuzima. Mnzanga wina kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito anandiuza kuti dzina limasamutsika kupita ku kampani yotchipa, osasintha kanthu. Umangopempha nambala yachinsinsi ku kampani yakale n'kukaipereka kwatsopanoko.

Tsiku langa lopuma, m'mawa, ndinakhala pampando wake uja n'kutsegula kompyuta yake. Ndinayamba ndi kampani yatsopano. Ndinalemba dzina m'kabokosi kofufuzira ka pa tsamba lawo, yankho n'kubwera pomwepo: dzinali lilibe mwini, mutha kuligula tsopano.

Ndinalembanso, yankho lomwelo. Ndinati basi ndachedwa, amufufuta, munthu anamwalira kale koma andiphereranso kachiwiri. Ndinaimba foni ku kampani yakale nditakwiya. Anayankha mayi wina woleza mtima, n'kundipempha kuti nditchule chilembo chimodzichimodzi. Nditafika pa d anandiimitsa. Anati dzina lotero iwo alibe, koma pa imelo ya mwamuna wanga pali lina lofanana nalo. Kenako anayesa kuliwerenga, lilime likupunthwa: "Ti-za-bwe-le-la?"

Ndinayang'ananso zimene ndinalemba m'kabokosi muja: tidzabwerera. Zala zanga zinali zitamukonza osandiuza. Ngakhale ali m'manda, mwana wa mphunzitsi anali akumuchongabe. Ndinalira pafoni pomwepo, pamaso pa mlendo, kulira kumene sindinalire ngakhale pamaliro chifukwa chotanganidwa ndi mapepala.

Nambala ija ananditumizira masana. Kampani yatsopano, poona kuti ndinafufuza dzina linalo, inayamba kundinyengerera kuti ndigule lolembedwa bwinolo, motchipa zedi. Zaka zonse zija ndinkafuna chimenechi. Ndinachiyang'ana pang'ono n'kutseka.

Nyumba ija ikadali pa mawindo. Sindikudziwa ngati ndidzaimalize, sindikudziwanso ngati ndingakakhale kutali ndi manda ake. Koma tsiku limenelo ndinabwerera m'kabokosi n'kulemba pang'onopang'ono ndi chala chimodzi, z popanda d, l, kenako l winanso, monga ankanenera iye akundiseka.

Yankho linabwera: dzinali lili ndi mwini wake.