Oyilo wa a Bwana mu Injini Yokalamba

Sabata ino ndikulemba ndili wokwiya, ndipo sindibisa. Pikapu yanga ili pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika wa Katete, injini yake yamasulidwa, zitsulo zili mbwee pa chiguduli. Mlamu wanga ali chigonere m'chipatala, mwendo uli m'mwamba, wokokedwa ndi zingwe. Zonse ziwirizi zachokera pa chigubu chimodzi cha oyilo chomwe ndinalandira ngati mphatso, ndi manja awiri, ndikuthokoza.

Ndiyambe ndi galimotoyo. Ndinaigula nditapuma pa ntchito ya ulangizi wa zaulimi, ndipo inali itatopa kale. Inalowa m'dziko muno mbendera yathu idakali yatsopano. Chitseko cha kumanzere chimatsekedwa ndi waya, ndipo kanyali kochenjeza kuti oyilo wachepa kanafa kalekale. Koma inkayenda. Yanyamula thonje, mtedza, zimbale za ukwati, odwala ndi mitembo. Kumudzi kwathu, kupitirira Sinda, munthu akagwa mwadzidzidzi amatuma wanjinga kwa ine, chifukwa galimoto ina kulibe.

Amene waisunga yamoyo zaka zonsezi ndi a Jafali, makaniko wachisilamu wobadwira ku Malawi, yemwe anakhazikika kuno ali mnyamata ndipo tsopano ndevu zayera. Galaja yawo ndi mthunzi wa mango uja. Injini yanga amaidziwa kuposa mmene ine ndimadziwira msana wanga womwe. Ikatsokomola ndili patali amadziwa kuti ndine ndikubwera, ndipo nthawi zambiri amadziwiratu chomwe chavuta.

Masabata awiri apitawo ndinali pa galaja pomwepo, tikudandaula za oyilo. Mukudziwa mmene zinthu zilili masiku ano: sopo pamzere, mchere pamzere, oyilo wa galimoto ukamupeza lero, mawa wasowa. Ndinali nditayenda mwezi wathunthu osamupeza, ndipo wa mu injini anali atada bii. Tili pomwepo panaima galimoto yatsopano yonyezimira. Anatuluka a Sakala, msuweni wa akazi anga, yemwe amagwira ntchito mu ofesi ina yaikulu ku Lusaka. Anali atabwera kudzacheza masiku awiri. Atamva vuto langa anatsegula kumbuyo kwa galimoto yawo n'kutulutsa chigubu chokongola cha zilembo zagolide.

"Mulamu, siyani kuvutika na vakudala," anatero. "Tengani uyu. Ni sinthetiki. Si oyilo wamba ngati wanu wakudayu, amachita kumupanga m'fakitale. Ine ndimathira yemweyu. Mukathira lero, mudzaganizenso za oyilo chaka chamawa."

Ndinachilandira ndi manja awiri. A Jafali anapempha kuti aone. Anatsegula, anadontheza pang'ono pa chala, anatikita, ananunkhiza.

"Oyilo ndi wabwino, bwana, sindikukana," anatero modekha. "M'galimoto yanuyo ndi woyenera. Koma mu iyi ayi. Osati lero."

"Chifukwa?"

"Timphira totseka kuti oyilo asatuluke mu injini iyi tinauma kale. Gasiketi ya pansi ndi yong'aluka. Chomwe chatseka ming'aluyo pano ndi litsiro la zaka zambiri. Oyilo uyu ndi wamadzimadzi, ndiponso amatsuka. Akachotsa litsiro lija, iyenso atsatira pomwepo. Tipeze kaye timphira tatsopano, tisinthe, kenako tithire, tiziyang'ana m'mawa uliwonse."

A Sakala anaseka mpaka kugwira boneti. Pafupi panali amayi ogulitsa mtedza ndi abambo angapo okonzetsa njinga, ndipo anatembenukira kwa iwo.

"Mwamva? Akuti doti ndiyo ikugwira injini! Amdala, umakaniko munauphunzira kuti? Zalembedwa apa, werengani. Kapena simungathe?"

A Jafali sawerenga Chingelezi. Amawerenga Chiarabu, amawerenganso phokoso la injini, koma zilembo zagolide zija sakanatha. Anatseka chigubucho bwinobwino, anachipukuta ndi kansanza pomwe chala chawo chinadetsa, n'kundipatsa.

"Galimoto ndi yanu, a Mbewe. Koma dzanja langa silithira."

Mukufuna kudziwa chomwe ine ndinachita? Ndinaseka nawo. Osati mokweza, kaseko kaja kongofuna kuti mlendo asaone ngati sukumugwirizana naye. Munthu amene wandikonzera galimoto zaka zonsezi, amene tsiku lina anasiya chakudya m'mbale kudzandikoka pa Mkaika mvula ikugwa, ankanyozedwa pamaso pa anthu, ine ndikuonetsa mano. Ndinapita kunyumba, ndinagona pansi pa galimoto, ndinakhetsa oyilo wakale ndekha n'kuthira watsopanoyo. A Sakala anaima pambali, manja m'thumba, akugwedeza mutu movomereza. Tsiku lotsatira anabwerera ku Lusaka.

Masiku oyamba injini inkalira mosalala, ndipo ndinadzitama kwa aliyense amene anali ndi makutu. Tsiku lachinayi ndinaona kadontho pansi pomwe galimoto inagona. Ndinakakwirira ndi phazi. Tsiku lachisanu ndi chimodzi kadontho kaja kanali katakula ngati mbale ya ndiwo. Ndinakwiriranso. Kandodo koyezera oyilo sindinakasolole ngakhale kamodzi. Ndikanakasolola bwanji, bwana atanena kuti chaka chamawa? Kupita kwa a Jafali kunali kukavomera kuti ndinalakwa, ndipo ndinkazemba njira ya kuseri kwa msika ngati mwana wothawa sukulu.

Lachiwiri lapitali, dzuwa litangokwera, kunafika wanjinga thukuta lili kamukamu. A Lufeyo, amuna a mlongo wanga Tisauke, anali atagwa pa ngolo yodzaza mabelo a thonje, ndipo gudumu linawaponda pa ntchafu. Ndinanyamuka nthawi yomweyo. Ndinadutsa Sinda, ndinasiya msewu wa tala, ndinalowa wa fumbi. Ndinawapeza atawagoneka pa mphasa, mwendo utapindika pomwe mwendo supindika. Tinayala matiresi kumbuyo, tinawakweza, Tisauke anakhala pansi n'kuika mutu wa amuna ake pa miyendo yake.

Pobwerera, tisanafike n'komwe pakati pa njira ya fumbi ija, ndinamva fungo la chinthu chopserera. Kenako kugogoda, ngati wina akumenya chitsulo ndi nyundo mkati mwa injini. Ndisanaganize zoima, galimoto inanjenjemera n'kuzima yokha.

Ndinatsegula boneti, utsi unandimenya kumaso. Ndinasolola kandodo kaja, koyamba chithirireni oyilo wa a Sakala. Kanali kouma gwaa. Nditayang'ana kumbuyo ndinaona mzere wa madontho akuda mu fumbi, ukubwerera mpaka pomwe maso analekera.

"Achimwene, bwanji?" anafunsa Tisauke.

"Injini yafa."

"Yafa bwanji? Si paja mumati mwathira mafuta a azungu?"

Ndinatseka boneti.

Tinakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Palibe galimoto inadutsa. Ntchafu ya a Lufeyo inkatupa tikuona, mpaka tinang'amba buluku lawo ndi mpeni. Poyamba ankabuula, kenako anasiya, ndipo kusiya kubuulako n'kumene kunandiopsa kwambiri. Tisauke anavula chitenje chake chapamwamba n'kuchimanga pa zitsulo za kumbuyo kuti chiwatchinge dzuwa. Amayi ena ochokera kudimba anatipatsa madzi. Pomaliza bambo wina wa mudzi wapafupi anamanga ng'ombe zake, ndipo munthu wovulazidwa ndi ngolo tinamukwezanso pa ngolo. Dzenje lililonse la mumsewu ankalimva m'fupa. Pa tala tinaimitsa lole ya thonje, ndiyo inatifikitsa kuchipatala.

Dokotala atayang'ana mwendowo anatifunsa funso limodzi lokha: "Munali kuti nthawi yonseyi?" Mpaka lero sanatiuze ngati a Lufeyo adzayendenso bwino.

Lachitatu a Jafali anasiya ntchito zawo zonse, anabwereka lole kwa mnzawo, tinakakoka pikapu ija. Njira yonse ndinkadikira mawu akuti "ndinakuuzani". Sanawanene. Choyamba chimene anandifunsa chinali chakuti, "Alamu anu agona bwanji?" Atatsegula injini anandionetsa zitsulo zomwe zinasungunuka n'kumatirirana. Ndinawapepesa, pamaso pa amayi a mtedza omwe aja. Anangoti, "Mukanabwera mutaona dontho loyamba, a Mbewe. Ine sindikanakubwezani." Zitsulo zofunika kuno kulibe. Akuti afunsa achibale awo amene amadutsa malire cha ku Vubwi, mwina kutsidya zingapezeke, mwina ayi.

Ndinapita ku positi kukaimbira a Sakala lamya. Yankho lawo? "Pepani mulamu, koma ndiye kuti motoka yanu inali yakufa kale. Oyilo alibe mlandu."

Chondipsetsa mtima n'chakuti theka la mawu amenewo ndi loona. Oyilo alibe mlandu. A Jafali ananena zomwezo tsiku loyamba, ndipo anawonjezera chimene a Sakala sankachidziwa: kuti oyilo wabwino amafuna injini yokonzeka kumulandira. Mmodzi ankadziwa chigubu, winayo ankadziwa galimoto. Ine ndinamvera wa chigubu chifukwa anavala tayi.

Ndipo si ine ndekha. Kodi ndi kangati mwaona zimenezi? Munthu wobwera pa galimoto ya ofesi akayankhula, tonse timati "inde bwana", ngakhale akunena za munda umene sanaupondepo. Wa manja akuda akatsegula pakamwa timamufunsa setifiketi. Mayi amene wasunga mtedza m'nkhokwe zaka makumi atatu osafumbwa amauzidwa kuti akhale chete, akumve mnyamata amene anawerenga za nkhokwe m'buku. Mjigo ukabwera pamudzi, palibe amene amafunsa anthu okumba zitsime kuti madzi amapezeka pati. Amaukumba pomwe bwana waloza, ukauma amati anthu akumudzi sasamala zinthu.

Ndikudziwa bwino zimenezi chifukwa inenso ndinali bwana wotero. Ndili mlangizi, mayi wina wa ku Mkaika anandiuza kuti mbewu yomwe ndinabweretsa siingachite pa dothi lake lamchenga. Ndinamufunsa kuti analekeza kalasi yanji. Anthu anaseka, iye anabzala chifukwa cha manyazi, ndipo chaka chimenecho sanakolole. Ine ndinalemba mu lipoti kuti sanatsatire malangizo. Ndinali nditaiwala nkhani imeneyi. Ndaikumbukira Lachiwiri, nditaima pa dzuwa ndi kandodo kouma m'manja.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti chatsopano chilichonse n'choipa, kapena kuti tizingokakamira zakale. Ndikunena kuti chinthu chatsopano chikafika, funso loyamba likhale lakuti chikulowa mu chiyani. Zigubu zokongola zija ndayamba kuziona m'masitolo ena a m'mbali mwa msewu waukulu. Ndinafunsa wogulitsa wina dzulo ngati oyiloyo angalowe m'galimoto yakale. Anandiyankha osakweza n'komwe maso kuti, "Zonse amalowa." Zoona, amalowa. Za kutuluka kwake sananene.

Tayang'anani magalimoto amene akuyenda pakati pa Katete ndi Sinda. Ndi angati amene ali atsopano? Pafupifupi onse ndi okalamba ngati yanga, omangidwa ndi waya ndi mphira wa tayala, ndipo kumbuyo kwake kumakhala anthu. Inu amene muli ndi galimoto yotere, wina akakupatsani oyilo ameneyu, ngakhale mwaulere, ngakhale ali wachibale wolemekezeka, pitani naye kwa munthu amene amaitsegula injini yanuyo. Mufunseni za timphira ndi magasiketi. Akati dikirani, dikirani. Mukathira, sololani kandodo m'mawa uliwonse, ndipo muwerame muone pansi. Mukaona dontho musalikwirire.

Dzulo madzulo ndinapita kukaona a Lufeyo. Ali maso, akudya pang'ono. Sananene za galimoto. Nkhawa yawo ndi munda: thonje lina likadali m'khumbi losagulitsidwa, ndipo mvula ikabwera sakudziwa amene adzagwire khasu ndi ng'ombe. Ndinawalonjeza kuti tiona chochita, ngakhale sindikudziwa kuti chochitacho n'chiyani.

Potuluka, Tisauke anandiperekeza mpaka pa khonde. Akazi anga anali atamufotokozera kale zonse, za chigubu, za a Jafali, za kuseka kwanga. Mlongo wanga ndi wamng'ono kwa ine ndi zaka khumi ndipo sanandikwezerepo mawu chibadwire. Dzulonso sanakweze.

"Achimwene," anatero, "ndiye kuti munaopa kukhumudwitsa mlendo wa masiku awiri?"

Ndikanamuyankha chiyani? Kuti ndinkasunga ulemu? Ulemu wanji umene umagwadira munthu wosadziwa chifukwa ali ndi udindo, n'kuseka wodziwa chifukwa zovala zake zili ndi girisi? Inu amene mukuwerenga, sabata ino yokha, mwavomera kangati kuti "inde bwana" mukudziwa mumtima kuti amene akunena zoona ndi uja wakhala chete pakona?